Mmene Mungatsekere Njira za Mowa Kuti Usalowe M'suweji Pomanga Fakitale Yotchezera ku Johannesburg

Pakati pa Amalawi okhala ku Johannesburg pali amisiri omanga, owotcherera zitsulo ndi mapulambala amene amaitanidwa kukakonza nyumba zoti zikhale mafakitale ang'onoang'ono otchezera gin, vodka kapena ramu, ndipo pali enanso amene ayamba kulingalira zotsegula awoawo. Onsewa amathera nthawi yambiri pa poto wotchezera ndi pa ziphaso, zomwe n'zomveka, popeza popanda chiphaso cha Gauteng Liquor Board ndi kulembetsa ku SARS, bungwe lotolera msonkho, palibe amene angayambe ntchitoyi mwalamulo. Chimene chimaiwalika ndi kabowo ka pansi pa simenti, kamene madzi okolopera amathawiramo. Malangizo awa akukamba za kabowo kameneko ndi njira zina zonse zimene mowa wotayika ungadzere mpaka kukafika m'mapaipi a mzinda.

Mfundo yoyenera kuigwiritsitsa ndi yakuti mowa umasakanikirana ndi madzi kotheratu. Dizilo kapena oyilo akatayika amayandama pamwamba, ndipo kathanki kolekanitsa mafuta kamene kamaikidwa m'magalaja kamawagwira. Mowa umadutsa m'kathanki koteroko ngati mulibe kanthu, kotero ukangolowa m'paipi simungathenso kuubweza. Ntchito yonse iyenera kuchitika mowawo usanafike pa bowo.

Dziwani kaye chimene mukupewa

Mowa weniweni wosasakaniza, umene akatswiri amautcha ethanol, umayamba kutulutsa nthunzi yotha kuyaka pa madigiri pafupifupi 13, ndipo ngakhale wa 40 peresenti, umene umathiridwa m'mabotolo, umafika pamenepo pa madigiri pafupifupi 26. Masana ambiri a nyengo yotentha mu Johannesburg amafika kapena kupitirira kutentha kumeneku. Nthunziyo imalemera kuposa mpweya, choncho siuluka kupita kudenga koma imakwawa pansi ndi kutsikira m'maenje ndi m'mapaipi. Ikafika pakati pa 3.3 ndi 19 peresenti ya mpweya wa m'malo otsekeka, kuthetheka kwa moto pang'ono chabe n'kokwanira kuti iphulike.

Anthu a mumzinda uno safunika kuwafotokozera mphamvu ya mpweya wophulikira pansi pa msewu. Pa 19 Julayi 2023 msewu wa Lilian Ngoyi, umene ambiri amautchulabe Bree, unang'ambika ndi kugubuduza matakisi, ndipo akuluakulu a mzinda ananena kuti unali mpweya wa methane umene unadzaza m'ngalande ya pansi. Sunali mowa, koma kaphulikidwe kake n'kamodzimodzi. Ku Louisville m'dziko la America, mu Febuluwale 1981, mankhwala a hexane ochokera ku fakitale yoyenga soya analowa m'suweji, ndipo misewu inaphulika mtunda wa makilomita angapo.

Vuto lachiwiri silimveka phokoso. Tizilombo timene timadya zonyansa m'madzi timadyanso mowa, ndipo potero timamaliza okosijeni. Lita imodzi ya ethanol imafuna okosijeni wolemera pafupifupi makilogalamu 1.6 kuti iwole, zomwe n'zofanana ndi zonyansa za m'nyumba zokwana malita zikwi zingapo. Mu Julayi 2019 nyumba yosungira mowa wa bourbon wa kampani ya Jim Beam ku Kentucky itapsa, mowa unayenderera kulowa mu mtsinje wa Kentucky, ndipo nsomba zambirimbiri zinafa chifukwa chosowa mpweya m'madzi.

Fufuzani mapaipi musanasaine mgwirizano wa lendi

Gawo ili ndi limene liyenera kukutengerani nthawi kuposa ena onse, chifukwa zolakwika zake n'zodula kuzikonza. Mu Johannesburg muli mapaipi a mitundu iwiri amene sayenera kukumana. A suweji amayang'aniridwa ndi Johannesburg Water, ndipo amapita kumalo oyeretsera madzi monga Northern Works pafupi ndi Diepsloot, kapena Goudkoppies, Bushkoppies ndi Olifantsvlei kummwera. Ngalande za madzi a mvula zili m'manja mwa Johannesburg Roads Agency, ndipo madzi ake sayeretsedwa paliponse, amangolunjika kumtsinje. Mzindawu unakhala pamsana wa phiri, kotero chotayika kumpoto chimatsikira mu Jukskei n'kukathera ku damu la Hartbeespoort, pamene cha kummwera chimalowa mu Klip n'kukafika mu Vaal. Ngati malo amene mwapeza ali ku Germiston kapena ku Kempton Park, dziwani kuti kumeneko ndi ku Ekurhuleni, ndipo zilolezo zanu mudzakatenga ku khonsolo ya kumeneko.

Pemphani mwini nyumba akupatseni mapulani osonyeza mapaipi, koma musawakhulupirire mpaka mutawayesa. Nyumba zambiri za m'madera akale a mafakitale monga Booysens, Selby ndi Industria zadutsa m'manja mwa ochita lendi osiyanasiyana, ndipo si zachilendo kupeza kuti wina analumikiza sinki yake pa paipi imene inali pafupi osalemba paliponse.

Kuyesako kumafuna anthu awiri, ndowa ndi utoto wobiriwira umene mapulambala amagwiritsa ntchito potsata madzi. Sankhani tsiku lopanda mvula. Tsegulani zivundikiro zonse za manhole (maenje oyang'anirira mapaipi a pansi) za m'bwalo mwanu, ndipo mnzanuyo aime pa imodzi ali ndi tochi ndi foni. Thirani ndowa ya madzi a utoto pa bowo limodzi lokha, muwonjezere ndowa ziwiri za madzi oyera kuti aukankhe, kenako dikirani. Pakapita mphindi zochepa mnzanuyo adzawona kamzere kobiriwira kakutulukira m'paipi ina n'kumafalikira pansi pa manhole, ndipo ngati sakuwona kanthu, apite kukasuzumira m'ngalande ya m'mbali mwa msewu, chifukwa mwina ndi kumene madziwo akutulukira. Dikirani utoto uthe musanayese bowo lachiwiri, kuopa kusokoneza zotsatira. Munthu asatsike m'manhole ngakhale itaoneka yosaya, pakuti mpweya wa m'menemo umakomola popanda chenjezo.

Mukamaliza, jambulani mapu a mabowo onse, ndipo pakani penti pa zivundikiro, mtundu umodzi wa suweji ndi wina wa madzi a mvula, kuti ngakhale waganyu wobwera tsiku limodzi athe kusiyanitsa. Musaiwale timabowo tosaoneka msanga: ta kuseri kwa chitseko, ta pansi pa mpope wa panja, ndi mizere imene simenti inalumikizidwa. Mwini nyumba akakana kuti mutseke mabowo kapena kukumba pansi, ndi bwino kufuna malo ena.

Pitani ku maofesi mapulani akadali pa pepala

Malamulo a mzinda okhudza madzi amafuna kuti aliyense wotaya madzi a m'fakitale m'suweji ayambe watenga chilolezo cholembedwa, ndipo amaletsa kuthiramo zinthu zotulutsa nthunzi yoyaka kapena yophulika. Chilolezocho chimalemba malire a kutentha kwa madzi, kuwawasa kwake, kuchuluka kwa zowola ndi zitsulo monga mkuwa, ndipo ndalama zolipira zimakwera zonyansa zikachuluka. Ozimitsa moto a Emergency Management Services nawo amawona mapulani ndi kulembetsa malo osungirapo zamadzimadzi zoyaka. Pamwamba pa izi pali malamulo a dziko: gawo 28 la lamulo la zachilengedwe, National Environmental Management Act ya 1998, ndi gawo 19 la lamulo la madzi, National Water Act ya chaka chomwecho, amapatsa mwini ntchito udindo wopewa kuwononga chilengedwe ndi wolipira kukonza kwake. Kusintha mzere pa pulani sikudya ndalama, koma kugumula konkire imene yauma kale kumadya ndalama zimene mukanagulira thanki.

Pansi pa chipinda chotchezera

Lamulo loti mudziikire nokha ndi lakuti m'chipinda chilichonse mmene mumakhala mowa wamphamvu musakhale bowo lolunjika ku suweji. Mabowo akale atsekeni ndi konkire mpaka m'kati mwa paipi. Chivundikiro cha labala chongoika pamwamba n'chosakwanira, chifukwa tsiku lina wokolopa adzachichotsa kuti ntchito ifulumire, ndipo sadzachibwezera.

Pansi papendekere pang'ono, pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse, kulowera ku dzenje losonkhanitsira lopanda potulukira. Dzenje limeneli limakhuthulidwa ndi pampu basi, ndipo pampuyo aziyatsa munthu amene wayamba wawona chimene chili m'katimo. Musaike pampu yodziyatsa yokha madzi akakwera, pakuti pampu yotero sisiyanitsa madzi okolopera ndi malita 300 a gin, ndipo usiku umodzi idzatumiza zonse ku suweji inu muli mtulo. Konkire ipakidwe utomoni wolimba umene sungadyeke ndi mowa, asidi kapena soda, ndipo pamene pansi pakumana ndi khoma pamatidwe mozungulira. Pakhomo lililonse mangani kachitunda kotsetsereka mbali zonse ziwiri, kuti folokolifiti izidutsa koma madzi asatuluke.

Popeza dzenjelo ndi malo otsikitsitsa, ndi mmene nthunzi idzasonkhane. Pampu, magetsi ndi masuwichi a m'dera limenelo akhale a mtundu wosathetheka moto, ndipo katswiri agawe maderawo motsata muyezo wa SANS 10108. Fani yotulutsa mpweya ikoke kuchokera pansi, ndipo kachipangizo kochenjeza za nthunzi kaikidwenso pansi, kokonzedwa kuti kalire nthunzi ikadali kutali ndi mlingo wophulikira.

Mpanda wozungulira matanki

Thanki iliyonse ya mowa iime m'kati mwa mpanda wa konkire wosadutsa madzi, umene amisiri amautcha bund. Muyezo wofala ndi wakuti mpandawo uthe kusunga 110 peresenti ya thanki yaikulu kwambiri imene ili m'katimo. Ngati thanki yanu ndi ya malita 5,000, mpanda usunge malita 5,500. Pa malo a mamita 4 m'lifupi ndi 5 m'litali, sentimita iliyonse ya kutalika kwa khoma imasunga malita 200, ndiye kuti mukufunika masentimita 27.5. Komabe matanki ena oima m'katimo amalanda malo, choncho chotsani malo awo powerengera, ndipo n'kwanzeru kukweza khomalo kufika masentimita 40 kapena kuposerapo. Thanki isayandikire khoma kwambiri, chifukwa ikabooka m'mbali mowa umathovoka patali ndipo ungathe kudumpha mpanda. Mapaipi adutse pamwamba pa khoma, asaliboole.

Mvula ya kuno ndiyo imawononga mipanda yambiri ya panja. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi kumagwa mvula yamabingu ya madzulo, ndipo mvula ya mamilimita 50 pa malo aja a masikweya mita 20 imasiya malita 1,000 m'kati mwa mpanda. Wantchito wotopa ndi kutunga madzi amatsegula valavu yapansi n'kuisiya chitsegukire, ndipo kuyambira tsiku limenelo mpandawo wasanduka chokongoletsa chabe. Njira yabwino ndi kufolera denga pamwamba pake ndi kusaika valavu yapansi n'komwe. Ngati ilipo kale, ikhale yotseka ndi loko, kiyi azisunga munthu mmodzi, ndipo madzi a mvula ayesedwe asanatulutsidwe.

Mowa wambiri wogula kwa ena umabwera m'matanki apulasitiki a malita 1,000 okhala m'chitsulo chonga khola, amene kuno amadziwika ndi dzina la flowbin. Kampopi kake kali pansi ndipo kamathyoka mosavuta folokolifiti ikakagunda, komanso pulasitiki imasungunuka msanga pa moto n'kukhuthula zonse nthawi imodzi. Kusunga mowa wamphamvu nthawi yaitali n'kwabwino m'matanki a chitsulo chosachita dzimbiri. Ma flowbin ndi migolo zikhale pa mapaleti okhala ndi beseni pansi, kutali ndi kumene magalimoto amakhotera.

Posamutsa mowa

Matanki sabooka kawirikawiri. Mowa wochuluka umatayika pamene ukusamutsidwa, mwina thanki itasefukira kapena paipi yofewa itavuka polumikizira. Munthu amayatsa pampu, foni imalira, amatuluka panja kuti amve bwino, ndipo pobwerera amapeza mowa ukutsika m'mbali mwa thanki n'kumayenda pansi pa mapaleti. Chifukwa cha ichi, woyatsa pampu asachoke pamalopo mpaka itazimitsidwa, ndipo asanayatse ayeze malo otsala m'thanki yolandira n'kulemba. Thanki iliyonse ikhale ndi chochenjeza ikatsala pang'ono kudzaza, makamaka chotha kuzimitsa pampu chokha. Timakutu ta zolumikizira mapaipi timangidwe kuti tisatseguke, pansi pa cholumikizira chilichonse pakhale thireyi, ndipo thanki, pampu ndi mgolo zilumikizidwe ndi waya wa ethi, popeza mowa woyenda m'paipi umapanga magetsi otha kuthetheka, makamaka m'nyengo youma ndi yozizira ya kuno.

Pamene lole imatsitsira katundu pafunika chisamaliro chofanana, chifukwa pabwalo ndi pomwe pamakhala ngalande za madzi a mvula. Malowo apendekere ku dzenje lawolawo, ndipo ngalande zapafupi ziphimbidwe ndi mphasa za labala zomatirira lole isanatsegule kalikonse. Ganiziraninso za kuzima kwa magetsi. Mavalavu oyendera magetsi akhale a mtundu wodzitseka magetsi akazima, chochenjeza nthunzi chikhale ndi batire, ndipo pampu isadziyatse yokha magetsi akabwerera. Madzi oziziritsira poto akaleka kuyenda moto ukadali woyaka, nthunzi ya mowa imatuluka isanasanduke madzimadzi, choncho chotenthetsera chizizima nthawi yomweyo.

Zotsalira za tsiku ndi tsiku

Pali zina zimene zimatayidwa mwadala chifukwa anthu saziwerengera ngati mowa. Mutu, kutanthauza mowa woyamba kutuluka, umene aliyense wodziwa katchezedwe ka kachasu amaudziwa ukali wake, ndiwo wamphamvu kuposa zonse zotuluka mu poto, ndipo umakhala ndi methanol ndi zina zosayenera kumwa. Usathiridwe m'sinki ngakhale kapu imodzi. Usungidwe mumgolo wachitsulo wolembedwa bwino, pamodzi ndi mowa woyesera ndi wotsukira mabotolo, kuti utchezedwenso kapena utengedwe ndi kampani yovomerezeka yotaya zinyalala zoopsa, imene iyenera kukusiyirani chikalata chosonyeza kumene yakataya.

Phala lotsala mu poto mukamaliza kutcheza limakhala ndi mowa wochepa, koma ndi lotentha, lowawasa, lodzaza ndi zowola, ndipo poto akakhala wamkuwa limatenganso mkuwa pang'ono. Lipite m'thanki yosungira kuti lizizire ndi kudikha. Masese a tirigu kapena chimanga asefedwe, ndipo alimi a ziweto amatha kuwatenga. Madzi otsalawo ayesedwe ndi kuchepetsedwa kuwawasa asanatulutsidwe pang'onopang'ono malinga ndi chilolezo chanu, kudzera pa malo amodzi okha pamene oyendera a Johannesburg Water angathe kutungapo oyesa. Madzi a soda otsukira matanki adutse njira yomweyo. Madzi oziziritsira nawo aziyesedwa nthawi ndi nthawi, chifukwa paipi ya m'kati mwa choziziritsira ikang'aluka, mowa umalowa m'madziwo mwakachetechete kwa milungu yambiri.

Ena amaganiza kuti mowa ukatayika n'kokwanira kuuthira madzi ambiri n'kuukankhira ku bowo. Madzi amachepetsadi kuyaka, koma okosijeni amene mowawo udzadye kutsogoloko sachepa, ndipo kusungunula zonyansa ndi madzi pofuna kuzembera malire a chilolezo ndi njira yosavomerezeka.

Mowa ukatayikabe

Pafupi ndi malo aliwonse osamutsira mowa pakhale bokosi losakiya la zipangizo: mphasa zophimbira ngalande, timatumba tatitali totchingira, mchenga wouma kapena vermiculite, fosholo yosathetheka moto, magolovesi, magalasi a m'maso ndi mgolo wachitsulo wokhala ndi chivundikiro. Utuchi ndi nsanza musagwiritse ntchito, chifukwa zikanyowa ndi mowa zimangowonjezera zoyaka. Chozimitsira moto cha thovu chikhale cha thovu lopirira mowa, popeza thovu wamba limasungunuka likakhudza mowa. Uzaninso antchito kuti lawi la mowa ndi lotuwa mobiriwira ndipo masana limavuta kuliwona.

Ndondomeko yake ikhale yaifupi ndipo ipachikidwe pakhoma m'zinenero zimene antchito anu amawerenga, kaya Chichewa, Chizulu kapena Chingerezi. Imitsani kumene mowa ukuchokera ngati mungathe kutero osaponda m'mowamo, chenjezani anzanu, zimitsani moto ndi magetsi kuchokera pa suwichi ya kunja kwa chipinda, phimbani ngalande, tsegulani zitseko kuti mpweya udutse, kenako tchingani mozungulira musanayambe kuwola. Ngati wachuluka kapena walowa kale m'paipi, anthu onse atuluke, ndipo imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177, mudziwitsenso Johannesburg Water msanga kuti achenjeze a kumalo oyeretsera. Kubisa n'kulakwira lamulo, pakuti gawo 30 la lamulo la zachilengedwe lija ndi gawo 20 la lamulo la madzi amalamula kuti ngozi zotere zinenedwe. Amene akuopa kuyankhula ndi aboma auzidwiretu kuti udindo wawo ndi kuimbira woyang'anira, ndipo woyang'anirayo ndiye adzayankhule ndi maofesi. Lembani malita amene atayika ndi mphamvu yake, chifukwa SARS idzafuna kudziwa kumene mowa wosalipiridwa msonkho wapita.

Lole yoyamba ya mowa isanafike, yesani zonse ndi madzi. Dzazani mpanda mpaka pafupi ndi mlomo, lembani mzere ndi choko, ndipo mudzawone mawa lake ngati madzi atsika. Kenako tsegulani flowbin yodzaza madzi a utoto pakati pa chipinda chotchezera, antchito achite ndondomeko yonse monga pa ngozi yeniyeni, mmodzi ataima pa manhole ya panja. Utoto ukawonekera m'menemo, pali njira imene simunaitseke, ndipo mowa usalowe m'nyumbamo mpaka mutaipeza. Bwerezani kuyesaku chaka chilichonse mvula isanayambe, komanso nthawi iliyonse imene pulambala wagwira mapaipi a m'nyumbamo.